Masamba Khumi Amene Ndinafufuta

Lachiwiri, 4 Juni

Andigoneka. Wodi ya abambo, bedi 6, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Shuga 27. Adokotala ataona nambalayo anandiyang'ana ngati ndachita kubwera nayo dala. Phazi lamanzere latupa moti nsapato sikulowa, chala chachikulu chada bii. Msomali ndinauponda ku shedi sabata ziwiri zapitazo, osamva ngakhale pang'ono, ndinangoona magazi m'sokosi poweruka. Zaka makumi awiri ndikukhoma misomali, lero umodzi wandibwezera.

Andiika diripi. Insulini mayunitsi 10, jakisoni wa bala kawiri pa tsiku. Mayi akunyumba andipatsa kope ili kuti ndizilembamo shuga ndi mankhwala, akuti anesi ndi ochepa, tisadalire mutu. Kutsogolo kwake kuli manotsi awo a sukulu ya pa foni, ine ndayambira kumbuyo. Masamba awowo sindikuwatsegula, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa.

Lachitatu, 5 Juni

Shuga m'mawa 22, masana 19, madzulo 21. Kutentha thupi 39. Atsuka bala, mafinya atuluka odzaza kambale kachitsulo. Sindinalire, koma ndinaitana amayi anga amene anamwalira kalekale.

Ndilembe chimene chikundidya, poti kope lilibe pakamwa. Mayi akunyumba amaphunzira pa intaneti, maphunziro aja aulere amene aliyense amalowa popanda kufunsidwa kuti sukulu analekezera pati. Anayamba zaka zitatu zapitazo ndi za thupi la munthu, kenaka mbiri yakale, kenaka masamu, mpaka za nyenyezi. Ine ndinkangoseka kuti nyenyezizo tizidyera chiyani. Koma kosi ya chaka chino si yongotsitsimula mutu. Ndi ya madzi ndi matenda, miyezi isanu ndi umodzi. Bungwe lina loyeza madzi a m'zitsime likufuna anthu anayi, ndipo bwana wake anawauza kuti akabweretsa satifiketi ya kosiyi mwezi uno usanathe, malo amodzi ndi awo. Ntchito yomaliza, masamba khumi, anailemba pa foni ndi zala ziwiri kwa miyezi iwiri. Anaitumiza Loweruka lapitali, nthawi isanakwane n'komwe, ndipo anavina okhaokha m'khitchini.

Lamulungu masana akuchapa panja, foni anaisiya pa tebulo. Ndinaitenga. M'kati mwa kosimo ndinapezamo uthenga wakuti: "Zimene munalemba zandikhudza mtima. Ndawerenga kawiri. Ndikulakalaka nditawerenganso zina zanu. Musasiye." Dzina panalibe, pamangoti Mnzanu 2. Ndinati eya, tambala ameneyu mpaka dzina amubisa. Mutu unazungulira. Ndinatsegula pamene panali ntchito yomaliza ija, ndinadina kuti ichoke. Foni inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinatsimikiza. Ndinafufutanso imene anasunga m'foni, mpaka m'malo motayira zinyalala momwe ndinasesamo. Ndine mmisiri ine, sindisiyira ntchito panjira.

Iwo sakudziwa. Akuti ukatumiza basi watha, palibe chotsegulira kosiyo mpaka tsiku lochonga, ndiye mayunitsi akusungira kuimbira abale za matenda angawa. Kutumiza atseka Lachisanu pa 14, 12 koloko masana.

Lachinayi, 6 Juni

Shuga 18, 17, 19. Insulini akweza, mayunitsi 14. Diripi yachitatu. Tiyi wopanda shuga ndi chilango chimene sindinachiganizirepo.

Pa bedi 7 pali dalaivala wa thiraki, anathyoka ntchafu, mwendo anaukoka ndi chingwe chomangirira chitsulo cholemera, ino ndi sabata yachisanu. Wodi yonse imawatcha a Pulofesa. Sukulu akuti anaithawa asanamere ndevu, koma panopa foni sichoka pamphuno. M'mawa amaphunzira za mapiri ophulika moto, masana za malamulo, madzulo za mmene ana amaphunzirira kulankhula. Akuti pamsewu ankamvera maphunzirowa podikira mapepala pa malire, apa ndiye mwendo wawapatsa tchuthi. Munthu akangotsokomola amamufotokozera mapapo onse. Anesi amawaopseza kuti awasamutsira ku wodi ya ana.

Ataona chikuto cha kope ili anafunsa mayi akunyumba kuti, “Mayi, inunso ndinu a sukulu yathu ija?” Basi, anayamba kucheza ngati abale opezana patapita zaka. Mayi akunyumba anaseka kuseka kumene kunyumba sindinakumve chaka chino. Ananena monyadira kuti ntchito yomaliza anatumiza kale. A Pulofesa anawaombera m'manja. Ine ndinatseka maso ngati ndagona.

Lachisanu, 7 Juni

Ekisile, kukajambula mafupa a phazi. Anandikankha pa njinga ya odwala kudutsa khonde lalitali, tayala limodzi likulira njira yonse. Adokotala akuti matenda afika pa fupa la chala chachikulu, chinzake akuchikayikira. Ayesa mankhwala amphamvu masiku anayi. Shuga 16, 15, 16.

Masana mayi akunyumba atapita kukachapa mapijama anga, a Pulofesa anati, “Amisiri, tamvani zimene ndamulembera uyu.” Anawerenga mokweza: “Mwalemba zogwira mtima, ndaphunzira zambiri kwa inu. Chonde pitirizani.”

Ndinati, “Ameneyo ndiye alamu athu?”

Anaseka mpaka chitsulo cha kumwendo chinayamba kulendewera uku ndi uku. “Alamu ati? Sindikumudziwa n'komwe! Amisiri, sukulu iyi aphunzitsi alipo awiri kapena atatu, ophunzira zikwizikwi dziko lonse lapansi. Angachonge bwanji? Ndiye timachongerana tokha. Ukatumiza yako, makina amakupatsa za anzako atatu, maina atachotsa. Mwina uyu ndi nkhalamba ya kutsidya kwa nyanja, mwina ndi kamtsikana ka sekondale. Kwa iye ine ndine Mnzanu 1, wina Mnzanu 2, wina Mnzanu 3, basi. Ndipo amatilangiza kuti uziyamba wayamikira usanadzudzule, munthu asagwe mphwayi.”

Ndinafunsa ngati munthu angathe kumupezanso amene wamuchongera. Anati ngakhale utalira.

Mayo ine. Ndiye kuti tambala uja kulibe. Kunali munthu wina wake kwinakwake amene anawerenga zimene akazi anga analemba, n'kuzikonda, n'kunena. Ine amene ndimagona nawo nyumba imodzi sindinawerengepo ngakhale mzere umodzi. Ndinatembenukira kukhoma. A Pulofesa anaitana anesi poganiza kuti phazi layambanso.

Loweruka, 8 Juni

Shuga 15, 14, 17.

Kwabwera achemwali anga aakulu, atanyamula buledi, nthochi zakupsa ndi botolo lalikulu la chakumwa chotsekemera. Mayi akunyumba anawauza mwaulemu kuti botololo ine sindingamwe. Achemwali anati, “Ee, tinaiwala kuti m'nyumba muno muli dokotala wa pa foni. Alamu, mukanakhala kuti maso munaika pa phazi la amuna anu m'malo mwa kagalasi kanuko, bwenzi tili pano?”

Mayi akunyumba anangowerama n'kumapinda thaulo. Chilungamo chake n'chakuti phazili analiona tsiku lachitatu lomwe, anandiuza kanayi kuti tipite kuchipatala, ine ndinati ndili ndi makabati a anthu oti ndimalize. Ndikanatha kunena zimenezi. Pakamwa panali pomwepa. Ndinangoti, “Achemwali, zisiyeni.”

Atapita ndinakumbuka tsiku limene ndinakhala pamaso pa malemu apongozi anga. Mayi akunyumba anali ndi zaka 17, atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize sekondale, ali ndi mimba yanga. Apongozi sanakalipe. Anangoti, “Mwana wangayu mutu wake ndi wabwino. Akabereka mudzamubwezere ku sukulu.” Ndinalonjeza nditagwada. Mwana amene anali m'mimbayo pano ali ndi zaka 16. Ku sukulu anadzibwezera okha, pa foni yong'aluka galasi, ine n'kukawatulutsanso kachiwiri.

Kwatsala masiku asanu ndi limodzi. Ndikanena mawa nthawi ikadalipo yokwanira.

Lamulungu, 9 Juni

Thupi 39.5. Kunjenjemera. Shuga 18.

Kunabwera anthu a mapemphero, anaimba nyimbo ziwiri pa bedi lililonse. Mtsogoleri wawo anafunsa ngati pali chimene ndikufuna kutula. Ndinati phazi lokha.

Sindinanene. Ndinalibe mphamvu, ndipo ndinakondwa kuti ndinalibe.

Lolemba, 10 Juni

Lero ndikanapita. Ndikulemba madzulo.

Anandibaya insulini 12 koloko, mayunitsi 14 monga mwa masiku onse. Mayi akunyumba anandisiyira mpunga pang'ono ndi mazira n'kupita ku famase kukaima pa mzere wa mankhwala. Chakudya chinandikanika. Ndinapatsa mkulu wa pa bedi 4 amene alibe womudwazika. Cha m'ma 2 koloko ndinayamba thukuta, maso kuchita chidima. Akuti ndinkalankhula zosamveka, ndikutukwana hamala. A Pulofesa anaganiza kuti ndi malungo, anesi anali mbali ina kothandiza wina.

Mayi akunyumba atalowa anangondigwira pamphumi, n'kuyang'ana mbale, n'kufunsa kuti wadya ndani. Atamva, anathamangira ku kabati ya a Pulofesa, anatapa shuga masupuni atatu, kusungunula m'kapu, n'kuyamba kundimwetsa pang'onopang'ono uku akukuwira anesi. Atayeza anapeza 2.4. Sisitala wamkulu anati, “Mayi, mwadziwa bwanji? Ambiri akamva kuti munthu ndi wa shuga amaopa kumupatsa shuga, amangomuyang'ana mpaka kukomoka.”

Anayankha mwamanyazi kuti anaphunzira pa kosi ya thupi la munthu, sabata yachisanu ndi chiwiri.

Kosi imeneyo ndimaikumbuka. Ndi ija ndinkati ikutha magetsi. Tsopano ndapumira m'maphunziro omwewo amene ndinawapondereza. Anandipukuta thukuta ndi nsalu yawo, akundikalipira chapansipansi kuti ndisadzayerekezenso kugawa chakudya nditabayidwa. Ndinati, “Mayi, pali nkhani.” Anati, “Nkhani mawa, panopa idyani.” Ndinamvera msangamsanga, ngati kuti ndimamvera chonchi masiku onse.

Lachiwiri, 11 Juni

Shuga 12, 11, 13. Insulini atsitsa, mayunitsi 12. Atsegula bandeji pamaso pa adokotala aakulu. Fungo lake ngakhale ine mwini ndinatembenuza nkhope. Akuti mankhwala alephera. Adula chala chachikulu ndi chinzake, phazi lotsalalo akuti alimenyera nkhondo. Opaleshoni Lachisanu m'mawa, ndine wachitatu pa mndandanda, ndiye cha m'ma 10 kapena 11 koloko.

Lachisanu. Mwa masiku onse a pa kalendala.

Mayi akunyumba atatuluka kukaimbira mwana wathu, ndinafunsa a Pulofesa kuti, “Pali mnzanga wina, anachotsa mwangozi ntchito imene munthu anatumiza kale pa kosi. Ingabwerere?”

Anati ikachotsedwa yapita, koma mwini wake angotumizanso imene anasunga, bola nthawi isanathe.

Ndinati, “Nanga ngati mnzangayo anafufutanso yosungayo?”

“Ayang'ane motayira zinyalala.”

“Anasesamonso.”

A Pulofesa anaika foni pachifuwa, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Kenaka anati, “Ngozi yake ndi yakhama bwanji. Amisiri, mnzanuyo wagona pa bedi 6?”

Ndinawauza zonse, ndi za Mnzanu 2 zomwe. Ndinkayembekeza kuti aseka, bola akanaseka. Anangoti, “Masamba khumi pa foni mukuwadziwa inu? Ine awiri okha chala chimachita dzanzi. Kosi imeneyo ikatseka, imadzatsegulanso Januwale. Auzeni lero.”

Sindinawauze lero. Ndikuopa, ndinene mosabisa. Lachisanu ndikhala munthu wa zala zitatu, wosatha kuima pa benchi miyezi ingapo. Akandisiya pano ndigwira mtengo wanji? Ndiye onani mmene mtima wanga ulili: ngakhale pa kulapa ndikuyamba ndawerengera za ine.

Lachitatu, 12 Juni

Shuga 11, 10, 12. Atenga magazi, akuti ndi okwanira. Wogonetsa anthu pa opaleshoni anabwera kudzandimvera pamtima, akuti andibaya pamsana, ndidzakhala maso koma osamva kanthu kuyambira m'chiuno.

M'mawa ndinaganiza zanzeru za chitsiru: ndilembe ndekha ntchitoyo, ndibwereke foni ya a Pulofesa, nditumize mwakachetechete. Ndinatsegula kope ili kutsogolo, koyamba. Zilembo zing'onozing'ono zoyera bwino. Zitsime khumi ndi ziwiri za m'dera lathu, chilichonse anachiyendera wapansi, anayeza mapazi angati kuchoka pa chimbudzi chapafupi, anafunsa mabanja angati amene ana awo anatsegula m'mimba mwezi umenewo. Pali tebulo la manambala limene sindinalimve mutu wake ndi pang'ono pomwe. Masiku amene ankabwera ndi fumbi mpaka m'mawondo ine n'kumafunsa kuti munali kwa ndani, anali ku zitsime. M'mphepete mwa tsamba lina analemba kuti: “Bambo akuti tebulo lowerengera andipangira akapeza mpata.” Ndinalonjeza chaka chatha. Matabwa ake ndinapangira shelefu ya kasitomala.

Ndinatseka kope. Ntchito imeneyi sindingailembe ngakhale atandipatsa chaka.

Masana mayi akunyumba akundisendera lalanje theka anati, “Musadandaule za shedi, bambo. Ndikayamba ntchito mwezi wamawa, inu mukhale pansi phazi lipole bwinobwino. Munatisenza zaka zonsezi, nanenso ndisenzeko.” Lalanjelo linandiwawa ngati mankhwala. A Pulofesa anakhosomola mwadala kawiri. Ine ndinangopitiriza kutafuna.

Madzulo sanandiuze za mapiri ophulika. Sanandilankhule n'komwe.

Lachinayi, 13 Juni

Shuga 10, 9. Kuyambira 10 koloko usiku osadya kanthu. Ndasaina chikalata cha opaleshoni.

M'mawa a Pulofesa anati, “Amisiri, mlandu suola. Ine nkhani za m'nyumba za eni sindilowerera, koma mayi aja ndi mnzanga wa m'kalasi. Ikakwana 3 koloko musananene, ndinena ndine, ndipo ndinena mokweza.”

Ndinadikirabe mpaka 2 koloko itadutsa. Mayi akunyumba anali atakhala pa mpando akundidula zikhadabo za m'manja, poti anesi anati zikhale zazifupi. Ndinati, “Mayi, ntchito yanu ija kulibe. Ndinaichotsa ine.”

Sanamve. Ndinabwereza, ndinafotokoza zonse mwa dongosolo lake, Lamulungu lija, uthenga uja, kudina kuja. Anasiya dzanja langa. Anatulutsa foni, analowetsa mayunitsi, anatsegula kosi. Ndinaona chala chawo chikupita m'munsi, kubwerera m'mwamba, kupitanso m'munsi. Anatsegula mosungira. Anatsegula motayira zinyalala. 

Ndinkadikira kuti akuwe, anditukwane, andiponyere kapu. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, “Munachita liti?”

“Pa 2.”

“Lero ndi pa 13.”

“Eya.”

“Mwadziwa liti kuti munthu ujayu si chibwenzi?”

“Lachisanu lapitali.”

Anawerenga pa zala, ndikuona. “Nsanje ndikanaimvetsa, bambo. Munapsa mtima, mwina shuga anali atakwera kale. Koma masiku asanu ndi limodzi awa? Ndimakusambitsani m'mawa uliwonse, nkhope yanga ili apa, inu mukudziwa kuti nthawi ikutha. Masiku asanu ndi limodzi ndikanailemba yonse.”

Ndinati pepani. Liwu limeneli lero ndaliona kuchepa kwake.

Anamaliza kudula zikhadabo ziwiri zimene zinatsala. Anadzaza botolo la madzi, anaika mapijama oyera pamutu pa bedi. Kenaka anatenga kope ili, anagwira masamba awo onse a kutsogolo n'kuwang'amba kamodzi, thwee. Lotsalalo anandiponyera pamiyendo. “Zanuzi khalani nazo.” A Pulofesa anawapatsa batire lawo lotchajira foni. Anatuluka cha m'ma 3 koloko, sanacheuke.

Kuchokera 3 koloko lero mpaka 12 koloko mawa. Miyezi iwiri ilowe m'menemo.

Lachisanu, 14 Juni

6 koloko m'mawa. Shuga 9. Sanabwere. Anandisambitsa ndi wantchito wa m'wodi, madzi ozizira. Akazi a a Pulofesa ndi amene anandimangira zingwe za gauni kumsana.

Sisitala anafunsa kuti wondidikira ali kuti. Ndinati ali pa mayeso. Anati, “Mayeso kuposa amuna awo?” Ndinati inde, ndipo achita bwino.

Madzulo. Adula ziwiri. Ndinamva kukoka, osati kuwawa. Pakhoma la chipinda cha opaleshoni panali wotchi, ndinkangoyang'ana imeneyo. Pamene inkakwana 12 anali akusoka. Sindinapemphererepo phazi.

Loweruka, 15 Juni

Ululu. Jakisoni wa ululu maola asanu ndi limodzi alionse. Shuga 13. Ndasanza kawiri.

Mayi akunyumba abwera 7 koloko, maso ofiira, atanyamula supu. Anayang'ana bandeji, anafunsa anesi ngati magazi anasiya, anawerenga tchati. Kwa ine anangoti, “Dzukani pang'ono mumwe.”

Ndinafunsa ngati anatumiza. Anati, “Masamba anayi. Kutatsala mphindi zisanu ndi zitatu.” Tebulo la manambala sanathe kulikonzanso m'foni, linafuna masiku. Sindinafunse zambiri.

Lolemba, 17 Juni

Shuga 9, 8, 10. Bala akuti ndi loyera, lofiira bwino, phazi lipulumuka. Anthu a zolimbitsa thupi andiphunzitsa kuyenda ndi ndodo ziwiri, kuchoka pa bedi kufika pa sinki. Ndinatuluka thukuta ngati ndasenza chitseko.

Mayi akunyumba amabwera nthawi yake, amachita zonse, palibe chimene anesi angawanene. Koma amandigwira mmene ndimagwirira mpando wa kasitomala: mosamala, poti ndi ntchito. Masana anakhala pakhonde akuchonga ntchito za anzawo atatu, poti ukapanda kuchonga za ena yako sakupatsa malikisi. Ndinkawaona pa zenera akuwerenga mofatsa, milomo ikuyenda. Anthu atatu aja ali ndi mwayi.

Achemwali anaimba foni kufunsa ngati n'zoona kuti alamu anandithawa tsiku la opaleshoni. Ndinawauza chimene ndinachita, chonse. Anati, “Iwe ndiwe chitsiru kuyambira uli mwana.” Aka n'koyamba kugwirizana nawo.

Lachinayi, 20 Juni

Shuga 8, 7, 9. Andiphunzitsa kudzibaya ndekha pamimba. Mayunitsi 12 m'mawa, 8 madzulo. Mawa ndituluka bala likakhala chonchi.

A Pulofesa awamasula chitsulo, mwendo waonda ngati mpini. Ayambanso kundilankhula. Anandifunsa ngati ndingalembetse kosi ina iliyonse pamene ndikhale pansi miyezi iwiriyi, akuti ilipo mpaka ya mbiri ya mipando. Ndinati ndilibe nkhope yolowera m'kalasi imeneyo. Anati, “Nkhope safunsa, amisiri, n'chifukwa chake tonse tinalowa.” Kenaka ananong'ona kuti zotsatira za kosi ya madzi zimatuluka pakatha sabata. Ndiye kuti mawa.

Lachisanu, 21 Juni

Shuga 7. Asintha bandeji komaliza, ndizibwera Lachiwiri lililonse. Katundu tamanga: beseni, bulangete, ndodo ziwiri, thumba la majakisoni.

Tikudikira chikalata chotulukira, foni inalira kamodzi. Mayi akunyumba anali atakhala m'mphepete mwa bedi, chikwama pamiyendo. Anatsegula. 

“Pamafunika 60,” anatero. “Ndapeza 52.”

A Pulofesa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Ine ndinati mwina bwana wa bungwe uja angamve tikamufotokozera, ndipita ndekha ndi ndodo zangazi ndikagwade. Anati anamuimbira kale Lolemba kumuchenjeza kuti mwina zivuta. Bwanayo anayankha kuti popanda pepala sangathe, anthu ofuna malowo ndi ambiri.

Kenaka anati, “Mukufuna kumva zimene andilembera? Paja mumakonda kuwerenga mauthenga anga.” Sananene mokalipa. Anawerenga pang'onopang'ono, akumasulira liwu lililonse kuti ndimve bwino:

“Zikuoneka kuti dera lanu mumalidziwa, ndipo mutu wanu ndi wakuthwa. Koma ntchitoyi mwailemba mothamanga, manambala palibe, mapeto palibe. Anzanu anaikapo miyezi. Ndikukupemphani mwachikondi, ulendo wina muziilemekeza ntchito yanu, muziyamba msanga.”

Anaika foni pa bulangete pakati pa ine ndi iwo, galasi likuyang'ana kumwamba.

“Pali malo oyankhira apa,” anatero. “Ndimuuze kuti chiyani, bambo?”

Ndinayang'ana foniyo. Anadikira ndithu, manja ali pa chikwama, osandichotsa maso. Galasi linazima lokha, iwo analiyatsanso n'kupitiriza kudikira, mpaka sisitala anafika ndi chikalata n'kufunsa ngati bedi 6 yakonzeka kupita kunyumba.